Dzanja la pachikwangwani cha ku Chikwanha

Ndinanyamuka ku Unit L Loweruka m'mawa, atandituma achimwene anga kwa mwana wawo Chifundo. Mwamuna wake anali atam'menyanso, iye n'kuthawira kwa mnzake ku Zengeza 4. Uthenga unali wachidule: apirire, abwerere kubanja.

Kombi, kaminibasi kolipira dola, inatikhutchumula m'maenje mpaka ku Chikwanha, kumene ndinatsika kuti ndikwere ina. Podikira kuti idzaze ndinagula chimanga chootcha. Patsogolo panga panali chikwangwani chachikulu: mayi wotupa diso, dzanja litatseka pakamwa pake, m'munsi atalemba m'Chishona kuti "Usanyarare," kutanthauza kuti usakhale chete.

Mutu unaima. Mawu akuti lankhula, chithunzi chikuti tseka pakamwa. Nanga munthu amvere ziti?

"Dzanjalo n'la yani?" ndinafunsa mayi wogulitsa chimangayo.

"N'lake. Akuchita manyazi."

"Aiwa, taonani kukula kwa zalazo! N'la mwamuna," anatsutsa bambo wogulitsa mabatire.

Kondakitala anati iye masiku onsewa amayesa n'zotsatsa chipatala cha mano. Tinaseka, ineyo kuseka kwa pamwamba chabe.

M'kombi ndinakhala ndi mayi wina wachikulire amene anamva Chichewa changa. Makolo ake anali a ku Tete. Anandinong'oneza:

"Amayi, dzanja lija si lake, si la mwamunanso ayi. N'la abale. Ine anandigwira pakamwa ndi azakhali anga enieni."

Anatsikira panjira.

Ku Zengeza 4 ndinam'peza Chifundo akuchapa ndi dzanja limodzi, linalo atalikulunga nsalu.

"Tete, mauya," anandilonjera m'Chishona, monga achitira ana athu, kutanthauza kuti azakhali, mwabwera. "Atate akuti chiyani?"

Mawu ndinali nawo, ndinawaloweza njira yonse. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Yamba ndiwe, mwanawe." Anafotokoza mpaka dzuwa kupendeka, zina zoti sindingazilembe pano. Sindinamuuze kuti abwerere, sindinamuuzenso kuti asabwerere. Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kumuthandiza kapena mantha anga chabe.

Pobwerera, achimwene anaimba foni kombi ili pafupi ndi kwawo, kumene ndinauza kondakitala kuti nditsikira.

"Wavomera?"

"Ndikubwera, achimwene."

Kondakitala anakuwa dzina la siteji yawo, akundiyang'ana ine. Ndinayang'ana pawindo, kombi n'kupitirira.