Buku la Sabata Yachinayi

Chichokereni ku koleji, ndili ndi mwambo umodzi umene sindiuphonya. Mwezi ukamapita kothera ndimayala mphasa m'chipinda changa, kukhuthula katoni ya mabuku, n'kuitanitsa msonkhano wokonza zowerenga za mwezi wamawa. Wapampando ndimakhala ine, mlembi ine, wotsutsa inenso. Misonkhano imeneyi imayenda mwabata. Sitinayambe tagwiranapo malaya.

Ine ndi koleji tinasiyana m'chaka chachiwiri, mwamtendere, aliyense n'kutenga zake. Koleji inatsala ndi digiri, ine ndinatenga katoniyo. Mabuku ena ndinachita kuwonjezera konkuno ku Mzimba boma, kwa mkulu wina amene amawayala pansi kumsika, pakati pa nsapato za kaunjika ndi mankhwala a makoswe.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Ndimaunjika milu inayi, mulu uliwonse sabata yake. Sabata yoyamba imafuna buku lopyapyala, loti munthu ulimbe mtima. Yachiwiri ndimaikapo lanzeru, lija ukalinyamula podutsa pa depoti anthu amakupatsa moni kawiri. Yachitatu imatengera nyengo. Koma sabata yachinayi inali ndi mwini wake wosasintha, buku lonenepa ngati njerwa, la mapepala opyapyala, lochokera ku dziko lina lozizira. Nkhani yake ndi ya munthu wokonza mawotchi amene ankamuganizira kuti anawotcha chigayo cha apongozi ake. Ndinaliyamba ndili ku koleji, ndikudula mizere ndi bolopeni pansi pa mawu aliwonse ondisangalatsa, ndipo ndinalekezera pakatikati, mlandu utangolowa m'khoti. Pamenepo ndinapanikizapo tikiti ya basi imene inandibweretsa kwathu. Kuyambira apo bukulo linkasankhidwa mwezi ndi mwezi popanda wopikisana nalo, koma sabata yachinayi siinkafika. Ikamati ifike, inkatipeza tili kalikiliki ndi msonkhano wa mwezi wotsatira.

Chaka chimene ndikunenachi, Epulo akutha, bambo anga anandipeza msonkhano uli m'kati. Iwo anapuma ntchito ya ukalaliki, koma kayendedwe ka mu ofesi sanakasiye. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, n'kuyendera milu ija ndi maso.

"Kampani ikuyenda?"

"Ikuyenda, adada. Tili pa mfundo yomaliza."

"Mbwenu muwonjezere ina. Akulu anga atumiza mawu kuchokera ku Edingeni. Fodya wauma m'chigafa, manja osankha akuchepa. Unyamuka Loweruka, ukakhalako mwezi wonse."

Anawerama n'kutola buku lonenepa lija. Analiyeza kulemera kwake m'manja, n'kuyang'ana tikiti yosuzumira pakati.

"Pepala ili ndinaliona chaka chatha lili pomwepa. Iwe mwana, chilipo chimene unachiyamba n'kuchimaliza?"

Ndinaganiza mofatsa, n'kutchula katemera.

"Katemera anakumalizitsa ndi amayi ako, uli kumsana. Tamvera. Ukamaliza limodzi ili lokha, mpaka tsamba lotsiriza, udzandiuze. Ndidzapha tambala uja."

Tambala ameneyo ankasungidwira alendo olemekezeka, ndipo anali atapulumuka kale abusa awiri ndi mlamu wochokera ku Joni. Sindinganene kuti mawu a bambo anandipweteka. Anangondikhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Komiti inakumananso mwadzidzidzi. Kumudzi kulibe netiweki yokhulupirika, kulibenso anzanga a pa depoti aja odziwa kutha tsiku popanda kuligwiritsa ntchito. Choncho buku lonenepa linakwezedwa pa udindo, kuchoka sabata yachinayi kukatenga yoyamba ndi yachiwiri. Yachitatu inapatsidwa kabuku ka ndakatulo, kopumirapo. Yachinayi inagwera buku lophunzitsa kulemera, limene mlembi wake akumwetulira pachikuto ndi mano ochuluka kuposa a munthu wamba. Ndinawonjezera la maphunziro a zachuma, la chikuto chakuda, osati loti ndikawerenge, koma kuti kumudzi akadziwe kuti ku koleji ndinapondako.

Kwathu mwana sapita kwa akuluakulu chimanjamanja. Mayi anachapa thumba la feteleza n'kulongedzamo shuga, mchere, sopo, masamba a tiyi ndi usipa. Chikwama changa chinali chitadzaza ndi zovala ndi bulangete, poti Meyi wa ku Mzimba sachita nthabwala, ndiye mabuku anayi aja ndinawaponya m'thumba momwemo, pamwamba pa shuga, n'kumanga kukamwa.

Pikapu ya matola inanditsitsa pa Edingeni fumbi lili mpaka m'makutu, njinga yamoto n'kundimalizitsa. Mlendo salowa pamudzi atasenza katundu. Ndisanadutse khola la ng'ombe, amama aakulu, akazi a akulu awo a bambo, anali atandilanda kale thumba n'kulowa nalo m'nyumba. Ine anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, malonje n'kuyamba. Malonje a kumeneko sawathamangira. Aliyense amabwera payekha kudzafunsa za iwe, za bambo, za mayi, za kuzizira kwa ku boma, ngati kuti yankho lisintha akafunsa iye.

Zili choncho, amama aakulu anatuluka, kugwada chapatali, n'kuyamba kuthokoza. Ankatchula chimodzichimodzi kuti onse amve, ndipo pa chilichonse anthu ankaomba m'manja.

"Shuga, yewo. Mchere, yewo. Usipa, yewo chomene. Sopo, tiyi. Ndiye mapepala awa, adada, ochuluka chonchi sitinawaonepo. Yewo chomene."

Manja anaomba. Ndipo ine, munthu wolawako koleji, ndinaomba nawo, n'kuyankha kuti, "Yewo, amama, n'zochepa." Mawuwo ndinawamva akutuluka ngati mmene umamvera loko wadzitseka makiyi ali m'nyumba. Chinthu chimene chathokozedwa pagulu, ndi m'manja momwe, sichibwerera kwa mwini. Kuchiitanitsa n'kunena kuti bambo ako amatumiza mphatso atazimangirira chingwe.

Pofika m'mawa mwake laibulale inali itagawidwa mwachilungamo. La zachuma analiika m'kabati ya pabalaza, pafupi ndi makapu a alendo, chifukwa linkaoneka laulemu. Kabuku ka ndakatulo anatenga amama aakulu kuti azikulungira zitumbuwa zimene ankagulitsa pa sukulu. Lophunzitsa kulemera ndinalipeza kuseri, litapachikidwa pa msomali m'chimbudzi, mlembi wake akumwetulirabe. Ndinawerengako mutu woyamba ndi wachitatu. Wachiwiri unali utagwira kale ntchito.

Lonenepa lija ndinalipeza m'chigafa, pamwendo pa adada aakulu. Iwo ndi munthu wamtali, wosachulutsa mawu, amene amalima fodya wogulitsa koma pambali amasunga chingambwe chawochawo. Ndikuona, ananyambita chala, kutembenuza buku, n'kung'amba tsamba kumbuyo kwenikweni. Analidula, kupichira fodya, n'kuyatsa. Kumbuyoko kunali kale mpata, chifukwa dzulo lake anali atagawirako anzawo kuti alawe.

"Pepala ili, mwana wane, ndi lenileni," anatero akutulutsa utsi m'mphuno. "Nyuzipepala imakanda pakhosi. Ili likufanana ndi la Baibulo, koma lopanda tchimo."

"Yewo, adada. Nanga mwayambiranji kumbuyo?"

"Kutsogoloku waipitsako ndi inki. Inki imawawa. Kumbuyoku n'koyera, ngati sikunafikeko munthu."

Sindinatsutse. Umboni unali m'manja mwawo. Ndinangoyang'ana utsi ukukwera kudenga la chigafa, ndikudziwa kuti penapake mu utsimo muli tambala wanga.

Komiti inakumana kuseri kwa khola. Wotsutsa anapereka maganizo oti tingolibisa bukulo, tinene kuti ladyedwa ndi mbuzi. Wapampando anakana, ponena kuti mbuzi za pamudzipo n'zodziwika makhalidwe ake. Pomaliza tinagwirizana mfundo imodzi: mwana sangalande mphatso, koma palibe lamulo lomuletsa kutumikira akulu. Ndinabwerera m'chigafa n'kukhala pansi.

"Adada, musamavutike ndi kung'amba. Bukuli ndizikusungirani ine. M'mawa uliwonse ndizikupatsani mapepala odula kale ndi lezala, oyera, ofanana."

"Opanda inki?"

"Bolopeni ndaisiya ku boma."

"Mbwenu. Koma asamasowe."

Umu ndi mmene dongosolo la mwezi wonse linasinthira. Milu inatha, masabata anatha. Chotsala chinali chifuwa cha adada aakulu. Ndinayambira pa tikiti paja, ndipo chimene ndawerenga lero, mawa chinkadulidwa. Kubwerera m'mbuyo kunalibe. Ukaiwala kuti mboni yakuti inati chiyani, zako zada, mboniyo inali itasutidwa.

Tsiku lonse tinkakhala pansi m'chigafa kusankha fodya, wofiirira uku, wowala uku, wong'ambika uko. Manja amachita phula lakuda lomata. Ndinkawerenga popuma masana ndi madzulo dzuwa lisanalowe, ndikutembenuza mapepala ndi kamtengo kuti ndisadetse katundu wa eni ake. Poyamba adada aakulu ankasuta okha, ndipo liwiro lawo linali laulemu. Koma mbiri ya pepala labwino siibisika. Aganyu odinda mabelo ndi jeke anayamba kupemphako. Mkulu wina wa mudzi woyandikana, amene ankati anasiya fodya kalekale, anayambiranso. Ine ndinkangowonjezera liwiro, osadandaula, monga wantchito aliyense katundu wake akamayenda malonda.

Tsiku lovuta linali limene kunabwera anthu a ku Engutwini kudzakamba za malowolo a mwana wamkazi wa adada aakulu. Amuna anakhala pansi pa mango kuyambira m'mawa, n'kukanganirana ng'ombe imodzi imene alendowo ankati ndi ng'ombe, pomwe eni mudzi ankati akadali mwana wa ng'ombe. Mkangano ukakula, fodya ankayenda. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, buku pamwendo, lezala m'manja, ndikuwerenga ngati wothamangitsidwa ndi njuchi. Pakapita kanthawi amama aakulu ankatulukira.

"Akuti mapepala."

"Auzeni adikire pang'ono, amama, mboni ikulumbira."

"Mboni yanjinso? Ng'ombe yavuta uko, iwe ukuti mboni. Bweretsa."

Tsiku limenelo ndinawerenga kuposa temu yonse ya ku koleji. Dzuwa likupendeka, ng'ombe ija inavomerezedwa kuti ndi ng'ombe.

Chimene komiti siinayembekezere n'chakuti bukulo linali labwino. Mlonda wa chigayo anasintha umboni wake. Mkazi wa wokonza mawotchi uja anaimirira m'khoti n'kunama, ndipo sindinadziwe ngati akunama kuti apulumutse mwamuna wake kapena bambo ake. Ndinayamba kumuopera munthuyo. Ndikamasankha fodya ndinkamuganizira ali m'chitolokosi chozizira, mpaka amama aakulu anandifunsa ngati ndasiya chibwenzi ku boma.

Mabelo atatsala pang'ono kunyamulidwa, ndinafika pa tsamba lotsiriza mwa amene analipo. Woweruza analowa, anthu onse n'kuimirira. Anavala magalasi, kukonza kukhosi, n'kunena kuti khoti, litaunika umboni wonse mosamala, lapeza kuti. Pamenepo ndi pamene pepala linathera. Kutsogolo kwake kunali chikuto.

Ndinapita kwa adada aakulu, amene anali kukonza goli la ng'ombe.

"Adada, mapepala a tsiku loyamba aja, palibe limene linatsalako?"

"Aja? Anali abwino chomene. Bwanji?"

Ndinawafotokozera nkhani yonse mwachidule, za mawotchi, za chigayo, za apongozi. Anamvetsera osasiya kusema.

"Mkamwiniyo anali atamaliza malowolo?"

"Bukuli silinanene."

"Mbwenu mlandu uli pamenepo," anatero, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse tsamba la woweruza lija.

Tsiku lobwerera anandilongedzera mtedza ndi mbatata m'thumba la feteleza lomwe lija. Adada aakulu anawonjezerapo mphatso yawo: chikuto cha bukulo pamodzi ndi theka loyamba, la inki lija, limene linalibe ntchito. Ndinagwada n'kuthokoza ndi m'manja.

Bambo ndinawapeza pakhonde, tambala akuyendayenda pabwalo ngati mwini puloti wobwera kudzaona anthu ake a lendi.

"Wamaliza?"

"Ndawerenga mapepala onse amene analipo, adada."

Analandira bukulo n'kuliyezanso m'manja. Linali litaonda ngati ng'ombe ya mu Okutobala. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa thumba mpaka pa malowolo, ndipo anamvetsera osaseka, kupatula mlomo wam'munsi umene unkawavuta pang'ono.

"Ndiye chigayocho anawotcha ndani?"

"Chigamulo anasuta akulu anu."

Anayang'ana tambala, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso tambala. Kenako anaitana mayi kukhitchini.

"Mumukazingire mazira awiri mnyamatayu. Nkhuku yake ndi imeneyo. Nayonso siinamalize."

Mazirawo ndinadya, ndipo anali okoma. Mkulu wa kumsika uja ndinamuuza kuti akadzaona buku lina lotero andisungire. Anati libwera, monga amanenera pa chilichonse. Tambala analira m'mawa mwake pa nthawi yake. Komiti itakumana kukonza za Juni, milu itatu inaunjikidwa mosavuta, koma sabata yachinayi inalibe mwini, ndipo tonse atatu tinakhala nthawi yaitali tikuyang'ana malo opanda kanthu pamphasapo.