Mabingu a pa Wailesi Sanali a Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5 ku Lirangwe, pamene sukulu yonse inkandidziwa kuti ndine mwana wa woimba wa pa wailesi. Bambo anga, a Fulasiko, ankaimba gitala m'gulu lotchedwa Mabingu. Anali amuna anayi a m'mudzi mwathu momwemo, ndipo ankaimba m'maukwati kuyambira ku Mdeka mpaka ku Kuntaja. Ndimakumbukirabe fungo la waya wotentha akamalumikiza sipika ku batire la galimoto, ndi nsonga za zala zawo zimene zinali zouma ngati chikopa.

Zipani zitachuluka, misonkhano ya ndale inkafuna oimba. Bambo ananyamula gitala n'kupita ku Blantyre, akuti kukajambula nyimbo. Sanabwerenso. Patapita miyezi ingapo, wailesi inayamba kuulutsa nyimbo za Mabingu, zothamanga, za malipenga ndi kiyibodi. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kumene amayi ankapeta chimanga.

"Amayi, amenewa si bambo?"

Sanadzutse mutu. "Ndi iwowo. Atanganidwa, n'chifukwa chake sakubwera."

Kuyambira tsiku limenelo ndinaloweza nyimbo iliyonse ya Mabingu. Ikamalira pa golosale ndinkaimitsa anzanga kuti amvetsere gitala ya bambo anga. Mtsikana wina atanena kuti bambo anatithawa, ndinamenyana naye mpaka kumung'ambira yunifomu. Aphunzitsi anandikwapula, koma sindinalire, poti ndinkadziwa kuti wonama ndi iyeyo.

Kenaka kunamveka kuti Mabingu adzaimba Loweruka masana pa bwalo la mpira ku Chileka. Amayi anandiletsa kupita, osanena chifukwa. Koma mnzanga Asiyatu anandipemphera malo pa pikapu ya bambo ake, amene ankapita ndi tomato ku msika wa kumeneko. Ndinazemba m'mawa nditavala diresi ya ku tchalitchi, m'thumba muli khadi la mayeso. Ndinali nditakhala nambala 2 ndipo ndinkafuna bambo aone okha.

Pa bwalo panali fumbi ndi chikhamu cha anthu. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo, pafupi ndi lole imene oimba anaimapo. Anali anyamata asanu ndi awiri ovala malaya onyezimira. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndinabwerezanso. Nyimbo zinali zomwe zija, gitala yake yomwe ija, koma woiimba anali mnyamata wamtali amene ndinali ndisanamuonepo.

Atapumira ndinazungulira kuseri kwa lole, kumene ndinapeza mkulu wa gululo akumwa madzi.

"Zikomo, ndikufuna a Fulasiko, oimba gitala."

"Fulasiko wake uti?"

"A ku Lirangwe."

Anaseka pang'ono. "Ife ndi Mabingu a m'tauni. Aja a ku Lirangwe linali gulu lina, tinangofanana dzina basi. Linatha kalekale. Wagitala uja ndimamuona ku Madziabango, amakonza njinga. Ali ndi mkazi ndi khanda kumeneko." Kenaka anandiyang'anitsitsa. "Kodi iwe ndiwe ndani wake?"

Ndinangotembenuka n'kuchoka. Pobwerera ndinakhala pakati pa madengu opanda kanthu, Asiyatu atandigwira dzanja njira yonse.

Amayi ndinawapeza akuanula zovala. Ataona diresi yanga yafumbi anadziwa kumene ndinali.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Ndinkadziwa."

"Nanga munandinamiziranji? Ndinamenya munthu chifukwa cha inu."

Anapinda chitenje chimene chinali m'manja mwawo, n'kuchipindanso. "Tsiku lija unamva nyimbo pa wailesi, unabwera ukuseka. Panali patapita miyezi usanaseke. Ndinalephera kukuuza."

Ndinatha milungu itatu osawalankhula. Ankandiikira chakudya, ine n'kudya nditawafulatira. Mtsikana ndinamumenya uja sindinamupepese, ndinkangomulambalala. Nyimbo ya Mabingu ikayamba pa wailesi ndinkatuluka m'nyumba.

Chimene chimandichititsa manyazi tsopano n'chakuti bambo sindinawakwiyire kwenikweni. Anali kutali, panalibe poti ndiwapeze. Mkwiyo wonse ndinauthira pa munthu amene anatsala, amene ankalima yekha ndi kundichapira yunifomu. Bodza lawo linandipweteka, ndipo sindinena kuti anachita bwino. Ana anga akandifunsa chinthu chowawa ndimawauza zoona, ngakhale alire tsiku lomwelo. Koma zinanditengera zaka zambiri, mpaka nditabereka anga, kuti ndizindikire kuti pa anthu awiri amene anandinamiza, mmodzi yekha ndiye anakhalapo kuti ndimufunse, ndipo anandiyankha.