Mafuta a Mfuti ya Apongozi

Ndinanyamuka ku Nthalire kutangocha, ulendo wa ku boma kukafuna mafuta a mfuti, pa lole ya nyemba, nditalipira K15,000 kuti ndikhale pamwamba pa matumba ngati nkhuku yopita kumsika. Mtima unali ku munda. Nguluwe zinali zitayamba kudya chimanga cha apongozi anga, ndipo mfuti yawo yachilolezo, imene inkazithamangitsa chaka ndi chaka, inali itauma gwa. Wolakwa ndinali ine. Atagonekedwa m'chipatala mvula ikuyamba, anandisiyira kuti ndiziisamala. Ine, mphunzitsi wa ku Thyolo wodziwa choko basi, ndinaipaka mafuta ophikira mowolowa manja n'kuikulunga m'chiguduli miyezi itatu.

Titangodutsa Wenya, lole inatitimira m'matope. Tinatsika, tinakankha, nsapato yanga ina inatsala momwemo. Pa Chisenga tinafika masana, n'kugula nthochi zootcha. Mayi wina amene ndinakhala naye pathumba limodzi anandifunsa m'Chitumbuka kumene ndinkapita:

"Mukuya nkhu, asambizgi?"

Ndinamufotokozera zonse.

"Mafuta ophikira?" anatero. "Mumafuna kuikazinga?"

Lole yonse inaseka. Ine ndinangoyang'ana mapiri a Mafinga, manyazi atandigwira.

Pa boma tinafika cha m'ma 3 koloko. Ndinalowa sitolo zinayi, mafuta enieni a mfuti osawapeza. Wamalonda wina wa kumalire anati, "Karibu, bwana. Girisi alipo, oilo wa njinga yamoto alipo. Mfuti ndi chitsulo basi."

Ndikupisa m'thumba, telala wachikulire wosokera pakhonde pomwepo anandikodola. Anati anali msilikali kale.

"Adada, musagule. Girisi amagwira fumbi, oilo uyo ndi wolemera. Ophikira aja amauma n'kusanduka ulimbo, dzimbiri likudya pansi pake. Mukatsuke ndi parafini, mupukute, mudonthezemo a makina osokera awa, pang'ono chabe." Anandithirira m'kabotolo ka mankhwala. "Koma eni ake akayang'ane mumpope wa mfutiyo. Ngati mwakumbika, asawombe. Idzawaphulikira kumaso."

Ndinadya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Ndinagona kwa mnzanga, m'mawa n'kukwera lole yomweyo.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Apongozi anali pakhonde, atawonda ndi matenda. Tinatsuka mfuti ija tonse awiri, ndipo chokhethemulira chinayambadi kuyenda. Ndinatsala pang'ono kumwetulira. Kenako anaitsegula pakati pomwe imapindikira, n'kuloza mpope kudzuwa. Anasuzumira nthawi yaitali.

"Yewo, mwana wane, mwayenda," anathokoza motsitsa mawu. "Koma iyi yatha. Inali ya adada anga."

Bola akanandikalipira. Ndinayenda masiku awiri kukaphunzira zimene ndikanangowafunsa iwo pabedi la chipatala, ndikanapanda kuopa kuoneka mbuli pamaso pa apongozi. Anaimirira movutikira, natenga chitini ndi kamtengo koimbira, n'kulowera ku munda kukaopseza nguluwe. Ndinawatsatira ndi nsapato imodzi yobwereka.