Mitala ya a Gervásio

A Gervásio Filipe anali wokonza ngolo. Kuyambira kwathu ku Kalipale mpaka ku Ntengo-Wambalame, ngolo iliyonse yonyamula kachewere inadutsapo m'manja mwawo. Vuto linali limodzi: bambo aja pakamwa sipankatsekeka. Ukapita m'mawa kukakonzetsa gudumu, unkabwerako dzuwa litapendeka, gudumu lili bwinobwino koma makutu atatopa. Ine ndine Zefa. Nyumba yanga inali kuseri kwa khola lawo, ndipo mkazi wawo Judite anali mnzanga wa pachinamwali. Zimene ndikunenazi sindinachite kumva kuchitsime ayi.

A Gervásio anali wamfupi, wadazi, manja ngati makasu. Mowa osalawa, fodya osasuta. Lamulungu ndiwo ankawerenga mawu m'tchalitchi, ndipo ankawerenga mokuwa mpaka agalu panja n'kuyamba kuuwa. Nanga bodza? Ha! Tsiku lina akugulitsa ng'ombe yawo anauza wogula kuti, "Iyi mvula ikagwa imatsimphina mwendo wakumbuyo." Wogulayo anadula mtengo pakati, Judite n'kukhala masiku awiri osawalankhula.

Chimene chinkawadya mumtima chinali mlatho wa pa Nankhwazi. Unakokoloka ndi madzi, ndipo zaka zisanu zinatha anthu tikuwoloka pansi. Positu ya zaumoyo inali kutsidya, msewu wopita ku Tsangano kutsidya komweko. Dzinja likafika, wodwala tinkamuwolotsa pamachira madzi ali m'chiuno, ndipo ngolo zinkathyokera m'miyala mlungu uliwonse. Munthu wina akanasekerera, poti ngolo yothyoka ndiye ndiwo zake. Koma iwo ankakonza uku akulalata.

"Deputadu wathu, phungu wathu uja, ali kuti?" ankafunsa choncho, nyundo ili m'manja. "Tinamukwezera manja pano, lero amamwa madzi a pampopi ku Tete. Munthu amene samwa chitsime chanu angadziwe bwanji kuti mwagwera chule? Ine ndikanakhala wolamula, deputadu aliyense tikakolola azibwera kudzaima pamaso pa anthu, tizimufunsa. Mlatho uli kuti? Mankhwala ku positu ali kuti? Ana akuphunzirabe pansi pa mtengo chifukwa chiyani? Akalephera kuyankha, atsike, akalime nyemba ngati ife."

Tinkangoti, "Eee, n'zoona bambo a Helena," kuti gudumu lithe msanga.

Ndiye chinafika chaka cha 1986, chaka chosankha madeputadu. Ana a lero mumadziwa za kapepala ndi kabokosi. Kale sizinali choncho. Kunkabwera birigada, ndiye kuti amuna angapo a boma ochokera ku distritu, n'kusonkhanitsa mudzi wonse. Wofuna udeputadu ankaimikidwa poonekera, kwathu tinkamukweza pa ngolo, ndipo aliyense anali ndi ufulu wodzuka n'kunena zoipa zake zonse iye ali pomwepo. Akapezeka kuti ndi chidakwa, wakatangale, wamitala, kapena ankatumikira atsamunda, basi, tsika. Akapanda banga, tinkakweza manja. Kuchokera pa ngolo yomweyo munthu ankatha kukwera mpaka ku nyumba ya malamulo ku Maputo.

Anthu atatchula dzina la a Gervásio, bambo aja anagula sopo, anachapitsa jekete yawo ya ukwati, n'kuyamba kuyeserera zolankhula pamaso pa ng'ombe.

Koma chaka chimenecho nkhondo inali itafika pakhomo. Anyamata a m'tchire akalowa m'mudzi, funso loyamba linkakhala lakuti, "Mphunzitsi ali kuti? Deputadu ali kuti?" Amene anayankhapo kuti ndine, ambiri sitinawaonenso. Aliyense ankadziwa zimenezi. A Gervásio nawonso ankadziwa, koma ankangoti imfa sithawika, mlatho ndiwo umamangika.

Kutatsala masiku atatu kuti birigada ifike, ndikukumba kachewere kudimba, ndinangoona Judite wafika, maso ali psuu.

"Zefa iwe, andiphera mwamuna. Ndamupempha, ndalira, ndamukaniza chakudya, sakumva. Anthu onse akweza manja, ndikudziwa."

"Nanga titani? Timumange m'khola?"

"Tikamugwetse pa ngolo." Anayamba kupinda zala. "Uchidakwa, palibe angakhulupirire. Katangale, munthu wogulitsa ng'ombe mwa mtundu uja? Za atsamunda, anamumangapo okha chifukwa cha pakamwa. Chatsala ndi mitala."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa mzere. "Mitala! Nanga mkazi wachiwiriyo umupeza kuti?"

Anangondiyang'ana.

"Iii, Judite! Ine? Mayo ine! Dazi lija?"

"Ndiwe wamasiye, nyumba yako ili kuseri kwa khola. Palibe mwamuna woti akumenye. Ndipo manyazi ulibe, tisanamizane."

Apo sananame. Ndinakana kawiri, kachitatu analira, ine n'kuvomera. Tinkaganiza kuti ndi nkhani ya tsiku limodzi: anthu aseka, bambo atsika, mawa tiwauza kuti zinali zocheza.

Loweruka m'mawa mudzi wonse unali pabwalo la shikola, sukulu yathu ija. Ngolo anaikokera pakati, goli lili pansi. Mkulu wa birigada anali kamarada Bonifácio, wamtali, wamagalasi, ndipo pambali pake panali asilikali awiri. Titatha ma "Viva!" aja, anakweza woyamba wofuna udeputadu, a Jacinto. Wina anati amakonda kachasu. A Jacinto anayankha kuti amangolawa pamaliro pokha, gogo wina n'kukuwa kuti, "Chaka chino maliro achuluka!" Kuseka konseko, koma anapulumuka.

Kenako anakwera a Gervásio, jekete ili mbee. Abale, tsiku limenelo analankhula. Ngakhale ife amene tinatopa nawo tinakhala chete.

"Ine sindikulonjezani ndege," anatero. "Ndikufuna zinthu zitatu. Mlatho pa Nankhwazi, namwino wogona ku positu osati wobwera kamodzi pamwezi, ndi malata pa shikola iyi. Sindisamuka, ndizimwa chitsime chomwe mumamwa inu. Mlatho ukamangidwa, woyamba kuwolotsa ng'ombe ndikhala ine, kuti ngati ndadya simenti ndigwe ndekha. Tikakolola mundikwezenso pa ngolo pano, mundifunse. Mukadzandigwira bodza limodzi lokha, mudzanditsitse, musadzadikire a ku distritu."

Amayi analulutira.

"Poronto, tamva," anatero kamarada Bonifácio. "Alipo amene ali ndi mawu pa kamarada ameneyu?"

Mkulu wina anadandaula kuti amalankhulitsa. Anthu anati limenelo si tchimo, ndi matenda. Kamarada uja anali atatsala pang'ono kunena kuti tikweze manja pamene Judite anadzuka, akumanga chitenje.

"Ine ndili nawo. Amenewa ndi amuna anga. Ali ndi mitala."

A Gervásio anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo mwawo simunatuluke kanthu.

"Mkazi winayo ndi ndani?" anafunsa kamarada.

Ndinadzuka. "Ndine pano."

Eee, phokoso lake! Wina anagwa chagada ndi phwete. Amayi a kutchalitchi anagwira kukamwa. Mnyamata wina anakuwa kuti, "N'chifukwa chake mpanda wa kuseri kwa khola sautseka!" Anthu oipa, anayamba kukumbukira zinthu zoti sizinachitike n'komwe.

Koma kamarada Bonifácio sanaseke. Ngolo ya bambo ake inakonzedwapo ndi a Gervásio, ankawadziwa bwino. Anavula magalasi, n'kutiyang'ana awirife nthawi yaitali.

"Amayi inu, msonkhano uno si wa gule. Midzi ina taona anthu akunamizira munthu wabwino kuti povu, anthu wamba, isowe mtsogoleri. Wonama pano, zikoti khumi, lero lomwe, pabwalo pomwe pano." Nthawi imeneyo chikoti sichinali nthabwala. Msilikali mmodzi anasuntha phazi, ine mkodzo unatsala pang'ono kutuluka. Zimenezi sitinaziganizire kudimba kuja.

Kamarada anatembenukira ku ngolo. "Kamarada Gervásio, inu ndimakudziwani, simunama. Mawu anu ndi amene nditenge. Mukati ndi bodza, tikweza manja pompano, amayiwa alandira zawo. N'zoona kapena bodza?"

A Gervásio anayang'ana Judite. Judite anali woonda, chifuwa chinkamuvuta chaka chilichonse nthawi yozizira, zikoti zitatu zokha zikanamugoneka. Anandiyang'ananso ine, ndipo diso lakelo sindidzaliiwala. Kenako anayang'ana kumunsi, kumene kuli Nankhwazi.

"N'zoona," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Ndati n'zoona. Ndi mkazi wanga."

"Kuyambira liti?"

Munthu wosazolowera kunama ndi womvetsa chisoni. Thukuta linali kamukamu padazi. "Zaka... zitatu."

"Zinayi!" ndinakuwa ine, sindikudziwa chimene chinandigwira. Anthu anasekanso, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunatipulumutsa. Kamarada anavala magalasi ake, analemba m'buku, n'kunena osayang'ana munthu kuti, "Tsikani." A Gervásio anatsika okha, anavula jekete, anaipinda bwinobwino n'kuikolekera paphewa. Manja anakwezedwa kwa a Jacinto, amene patapita miyezi iwiri anasamukira ku Tete osatsanzika.

Pobwerera tinayenda atatu, iwo patsogolo, ife kumbuyo ngati amitala enieni. Pafupi ndi khola anaima.

"Amake Helena, mwagwetsa mlatho usanamangidwe."

"Ndagwetsadi," anayankha Judite. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu, sindinakwatiwe ndi mlatho. Kalipirani momwe mungathere, bola muzikalipa muli moyo."

Sanakalipe. Ndiye zinali zoopsa kuposa kukalipako. Mwezi wathunthu pamalo okonzera ngolo pankangomveka nyundo yokha, mpaka anthu anayamba kudandaula kuti gudumu likutha msanga, palibe nkhani. Kutchalitchi anawachotsa pa kuwerenga mawu, anawaletsanso mgonero. Lamulungu lililonse ankapitabe, n'kukhala benchi yakumbuyo pamodzi ndi ana. Dzinja limenelo mayi wina woyembekezera anafera pa Nankhwazi, madzi atakana kuti machira awoloke. A Gervásio anakhoma bokosi lake osalandira kanthu, ndipo ine ndi Judite tinalephera kuyang'anana pamaliropo. Musandifunse ngati tinachita bwino. Ndadzifunsa ndekha mokwanira.

Mvula isanathe, anyamata a m'tchire analowa ku Kalipale masana dzuwa likuswa mtengo. Anafunsa za deputadu, anthu anati anathawa kalekale. A Gervásio anawapitirira, anangowalanda ng'ombe ziwiri. Mlungu womwewo mudzi wonse unawolokera ku Malawi, mbali ya Ntcheu. Kumsasa wa othawa nkhondo, wolemba maina atafunsa za banja lawo, anansi anayankha okha kuti akazi ndi awiri. Anatilemba khadi limodzi. A Gervásio anandimangira kanyumba pafupi ndi kawo, ndipo polandira ufa ankanyamula matumba onse okha. Zaka zisanu ndi ziwiri ankandipatsa moni ataima patali, chipewa chili m'manja: "Mwadzuka bwanji, a Zefa?" Ine ndinkati, "Ndadzuka, amuna anga," kuti ndiwaone akufiira makutu. Pakamwa paja panadzatsegukanso. Anavutitsa akuluakulu a msasa za zimbudzi ndi mjigo mpaka anamanga kuti apume.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu. Judite anati tsopano chikoti kulibe, apita kwa akulu a mpingo akaulule zonse, amuna ake abwerere kutsogolo. Ine ndinali pomwepo, ndikusenda nyemba.

"Simupita," anatero a Gervásio. "Mukaulula, mudzi wonse udzati Judite ananamizira mwamuna wake pamaso pa anthu, Judite ndiye anatimana mlatho. Achibale a mayi uja anafera pamtsinje akadali moyo. Mudzatunga kuti madzi? Dzina limodzi linaipa kale, lakwana."

Anamwalira akukhalabe benchi yakumbuyo. Pamaliro awo anthu anandilowetsa m'nyumba ya siwa, anandikhazika pamphasa limodzi ndi Judite, ndipo tsiku lometa anatimeta tonse awiri. Ndinalira zenizeni, sindikubisa.

Judite tamuika mwezi wathawu. Nditaona kuti palibenso woti atetezedwe, ndinatenga ndodo yanga n'kupita kwa akulu a mpingo. Ndinawauza zonse, za kudimba, za zala zopinda zija, za chikoti. Ndinati munthu uja sanapondepo pakhomo la nyumba yanga ngakhale kudzapala moto, mulembe m'buku mwanumo kuti anafa ndi mkazi mmodzi.

Anandimvetsera mwaulemu, anandipatsa ndi madzi akumwa. Kenako wamkulu wawo, amene tsiku la ngolo lija anali pabwalo, anapukusa mutu.

"Agogo, mwakula, mutu wayamba kusokoneza. Ine ndinamva ndi makutu angawa. A Gervásio anati n'zoona, ndipo a Gervásio sankanama."