Pikapu ya a Abiba ndi Lole ya Maliro

"Ndiye mukundiuza kuti anthu onse aja, a zitumbuwa, a kabaza, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona?"

"Anaona," anatero azakhali anga a Abiba, uku akutembenuza usipa pathandala. "Koma kuona n'kwina, kukanena kupolisi n'kwinanso."

Ndinali nditangobwera kuchokera ku Kepitawuni kumene ndinakhala zaka zambiri, ndipo mutu unali udakali komweko. Kumeneko galimoto zikagundana umatulutsa foni, kujambula, kuimbira a inshuwalansi, basi yatha. Kuno ku Nkope ndinapeza pikapu ya azakhali itakhala pamiyala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira.

Azakhaliwa anayamba geni ya usipa ndi beseni pamutu. Amuna awo atamwalira, achibale anati pikapuyo igulitsidwe poti palibe woyendetsa. Iwo anamanga hijabu yawo bwinobwino n'kukaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, anyamata akuwaseka. Kuyambira pamenepo akhala akutengera usipa ku Limbe okha, ndipo ana awo onse aphunzira chifukwa cha pikapu imeneyi.

Tsiku la ngoziyo ankatuluka atapakira matumba. Lole ya a Swadick, a m'mudzi momwemuno, inabwerera m'mbuyo kuchoka pachigayo n'kulowa mumsewu, mwini wake osacheuka. Kutsogolo kwa pikapu kunafwanyika ngati chitini. Kwa apolisi a Swadick anati azakhali ankathamanga. Azakhali anga, amene ngakhale njinga yonyamula makala imawapitirira!

Ku ofesi ya inshuwalansi ku Boma, kalaliki anatifotokozera kuti inshuwalansi yathu imalipira yekhayo amene ife tamugunda. Kuti pikapu ikonzedwe, kampani ya inshuwalansi ya a Swadick iyenera kuvomera kuti wolakwa ndi iwowo. "Pano aliyense akuloza mnzake," anatero. "Bweretsani mboni, ngakhale imodzi."

Ndinati izi n'zophweka. Ndinayambira kwa a Zena, amene amakazinga zitumbuwa moyang'anizana ndi chigayocho.

"Ine ndinawerama, mwanangu, ndimasonkhezera moto."

"Nanga phokoso lija?"

"Ndimati mwina ndi bingu."

Bingu mu Okutobala. Ndinapita kwa Amidu wa kabaza, mnzanga wa ku madrasa tili ana. Iye sanandinamize.

"Aise, iwe wabwera dzulo. Mayi anga atatisiya kuchipatala, anawabweretsa ndani kuti tiwaike tsiku lomwelo? Iwe unali ku Joni ukudya maapozi. Loleyo imanyamula maliro a ku mzikiti ndi a ku tchalitchi omwe, timangothira mafuta. A Swadick akalandidwa laisensi, wakufa tidzamukweza pa njinga yangayi?"

Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira.

"Azakhali, sadzalipira ndi a Swadick ayi. Idzalipira ndi kampani! Ndiye ntchito yake imeneyo!"

"Kampaniyo idzabwera kudzanyamula jeneza langa ndikadzafa?"

"Koma akunamizirani!"

"Eya, ananama. Ine ndikudziwa, iwonso akudziwa kuti ndikudziwa. Mtembo wa amuna anga unabwera pa lole yomweyo, mvula ikugwa. Ukufuna ndikawamangitse?"

Ndinati palibe amene amamangidwa chifukwa chogunda bampala. Anangondiyang'ana ngati ndikulankhula chizungu.

M'mawa mwake loleyo inaima pakhomo pathu. A Swadick anatsika, n'kupereka salamu, n'kuyamba kupakira matumba a azakhali. Za ngozi sanatchule. Ngakhale pepani. Azakhali anakwera kutsogolo, nkhope atalozetsa kuwindo, ndipo anapita ku Limbe choncho. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Kwa anthu a ku Nkope mlandu unathera pamenepo. Kwa ine pikapu inali idakali pamiyala, ndipo azakhali amene ankanyamuka nthawi imene afuna tsopano ankadikira kuti lole ibwere kumaliro.

Tinabwerera ku ofesi kuja popanda mboni. Kalaliki anati zikatero aliyense akonze yake. Ndinayamba kunena za loya, azakhali anandikoka malaya mpaka panja.

"Kundichititsa manyazi basi. Tiye kumsika."

Kuseri kwa msika analowa mu kashopu ka zitsulo zakale za galimoto, n'kukangana ndi mwini wake mu Chiyao kwa nthawi ndithu. Anatuluka ndi nyali imodzi ya kutsogolo, yakumanzere, galasi lake lachikasu ndi ukalamba.

"Imodzi?" ndinafunsa. "Nanga injini, nanga chitseko?"

"Usipa timayanika thandala limodzilimodzi."

Anaikulunga m'chitenje n'kundipatsira. Mu minibasi yonse mpaka ku Nkope ndinaifukata pamiyendo, iwo akundigunda ndi chigongono pa bampu iliyonse.

"Gwira bwino iwe wa ku Joni, usandiswere."