Mizere Yoyang'ana Kumsewu

Alamu anga ndi otchetcha kapinga. Anayamba ali mnyamata pa sukulu ina, kenako pa hotela, ndipo atapuma anagula makina akale okhala ndi chigudumu cholemera kumbuyo. Chigudumucho chimagoneka udzu. Popita udzu umaoneka wowala, pobwerera umaoneka wakuda, ndiye mizere imatuluka. Anthu amawatchula kuti a Mizere, ndipo dzina limeneli amaliyankha msanga kuposa la ubatizo.

Mizere imaoneka bwino ukaima kumapeto kwake n'kuyang'ana motsata utali wake. Ukaima cham'mbali umangoona udzu wamba. Alamu amadziwa zimenezi kuposa ine. N'chifukwa chake pakhomo pawo mizere yonse inkachokera pageti kulunjika pakhonde, kuti wodutsa aime ndi kunena kuti, "Koma a Mizere inu, manja anuwa!"

Mlongo wanga, mkazi wawo, anadwala sitiroko. Mwendo ndi dzanja lamanzere zinaleka kugwira ntchito. Tsiku lonse amakhala pampando pa zenera la kuchipinda, limene limaona kapingayo cham'mbali. Loweruka lililonse ankalandira phokoso ndi utsi wa petulo, koma mizere ayi.

Loweruka lina ndili m'chipindamo, tinamva munthu akuyamikira pageti. Mlongo wanga anandikoka malaya.

"Achimwene, akuti lero mizere yakongola kwambiri. Tapitani mukandionere."

Sindine munthu wokweza mawu. Tsiku limenelo ndinatuluka, ndinaponda kapinga amene sapondedwa ndi nsapato, n'kuima kutsogolo kwa makina mpaka anawazimitsa.

"Alamu, mumatchetchera yani?"

"Aa, mwayamba ulaliki? Lero si Lamulungu, abusa."

"Mkazi wanu akutuma anthu kuti akamuonere kapinga wa pakhomo pake."

"Ndikaitembenuza mizereyi kuloza pazenera, kumsewu kudzaoneka ngati modyera mbuzi. Anthu adzati a Mizere akalamba."

"Anthuwo ndi amene ankakuchotserani udzu m'masokosi zaka zonsezi? Ndi amene ankakudzolani mafuta msana ukakana kuwongoka?"

"Chokani pa kapinga wanga, alamu. Mwasiya kale mabala."

Ndinachoka osatsazika, ndipo ndinakhala nthawi osapitako.

Nditabwererako ndinaima pageti, mizere osaiona. Mayi woyandikana nawo anali atatsamira mpanda.

"A Mizere, makina aja afa kodi? Kapena maso ayamba?"

Alamu anali atawerama pa makina awo. Ankapukuta chigudumu ndi sanza, nsagwada zili gwa. M'chipinda, ndili kumbuyo kwa mpando wa mlongo wanga, ndinaiona mizereyo. Inachokera pansi pa zenera penipeni mpaka kumpanda, wowala, wakuda, wowala.

Alamu analowa n'kuima pakhomo, akupukuta manja, maso ali pa ine. Ankadikira mawu. Sindinawapatse. Njala ya kuyamikiridwa ndi imene inamusiya mlongo wanga akuyang'ana udzu wamba miyezi yonse ija, ndipo sindinafune kuidyetsanso.

Amene analankhula ndi mlongo wanga, pang'onopang'ono monga amalankhulira tsopano.

"Bambo, wa pakati uja wapindika."

"Wapindika pati? Ine sindipinditsa mzere!"

"Pafupi ndi mpopi. Bwerani muone."

Anabwera, anawerama mpaka tsaya lawo linagunda lake, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatuluka akung'ung'udza, ndipo tinamva akukoka chingwe cha makina.