Umboni wa amalume uli m'magazi

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza amalume anga, a Jailosi, ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Chikwama cha mapepala chimene tinanyamula chinali chonenepa moti kondakitala wa minibasi ya ku Bwacha anachipatsa mpando wakewake, ine n'kukhala pa injini. Wokayika akafunse kondakitalayo, amandidziwa.

Nkhani yake ili chonchi. Amalume anabwera kuno ku Kabwe ali mnyamata kuchokera ku Dedza, ndipo anakumba mtovu mpaka mgodi unatsekedwa. Ana awo onse anabadwira ku Kasanda, komboni ya pafupi ndi mgodiwo. Koma zaka zonsezo nyimbo inali imodzi: "Ine pano ndi paulendo, ndidzapita kumudzi." Atakalamba anapitadi. Chikalata chowalola kukhala m'Zambia anayatsira mbaula tsiku lotsanzikana, ife tikuwomba m'manja ngati zitsiru.

Kumudziko anapeza anzawo onse ali kumanda, adzukulu a anzawowo akuwatchula kuti "agogo a ku Zambia". Shuga itawagwira, mwana wawo Esinati anakawatenga. Pamalire anawadindira masiku makumi atatu ngati mlendo wodzaona malo. Masikuwo amatha Lachisanu. Popanda chilolezo chokhalitsa, ndiye kuti abwerere kumudzi kuja, kopanda ndi wowabaya jakisoni yemwe.

Mlendo wodzaona malo! Ku Kabwe? Aone chiyani? Phiri lakuda la zinyalala za mgodi lija theka lake anaunjika ndi iwowo. Sindikuwonjezera, mwina n'kupitirira theka.

Tinapeza mayi wachitsikana wa yunifomu, waulemu ndithu, woitana amalume kuti shikulu, ndiye kuti agogo.

"Ba shikulu, muli na umboni wakuti munankalako kuno?"

Amalume anatulutsa chisoti cha mumgodi.

"Iyi si pepala, shikulu."

Anatulutsa chithunzi cha timu ya mpira ya anyamata a pamgodi. "Wachitatu uyu ndine." Wachitatuyo mphemvu zinamudya mutu kalekale, anangotsala mawondo. Kunena zoona mawondowo ndi awo, ine ndinawazindikira pomwepo.

Kenaka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala la kuchipatala, lija anawapima magazi.

"Mwanawe, werenga apa. Akuti m'thupi mwangamu muli mtovu. Ku Dedza kulibe mtovu, kuli kachewere. Ndinautenga kuti, ngati sindine wa ku Kasanda?"

Ine ndinaikira umboni. Ndinati asodzi a ku Mulungushi anabwerapo kudzapempha chala chimodzi cha amalume kuti azimangirira ku mbedza, izimira msanga. Mayiyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenaka analiyang'ananso pepalalo, kuseka kuja n'kutha. Anati agogo akenso anali a mumgodi.

Koma lamulo siliwerenga magazi. Anatilembera bwinobwino zofunika: kalata ya Esinati yolonjeza kuwasunga, umboni wa penshoni, kalata ya apolisi, zithunzi zokhala ndi mutu. Anatiwonjezera masiku kuti tikasake zimenezo, koma sanatinamize: yankho lidzachokera ku Lusaka, ndipo iye sangalonjeze kanthu.

Mayiyo sindikumuda. Mlandu ndi wathu, ife ana a anthu a m'migodi. Ndi nyumba zingati ku Kasanda zimene sutikesi yakhala pamwamba pa wadirobu chikhalire, ikudikira ulendo wa kumudzi? Makolo athu ankaona ngati kukonza mapepala a kuno n'kutukwana kwawo. Ifenso, ophunzira ife, sitinawafunse. Tinkaopa kuoneka ngati tikuwalanda mudzi wawo.

Nawonso mudziwo sunadikire. Unali kalikiliki kuika maliro a amene ankawadziwa.

Ndiye mukamva kuti wina akufuna kusintha viza ya mlendo kuti ikhale chilolezo cha wopuma pantchito, musamangoganiza za mzungu wa kabudula amene wakopeka ndi dzuwa lathu. Nthawi zina ndi nkhalamba ya shuga imene ikupempha kugona m'chipinda chimene inamanga yokha.

Tisanatuluke, mayiyo anatenga fomu kuti atithandize kuyamba. Anafika pa kabokosi kofunsa zaka zimene munthu akufuna kukhala.

"Tilembe zingati, shikulu?"

"Lemba kuti mpaka andiike pafupi ndi mayi a Esinati. Ali ku Kasanda konkuno, anandisungira malo kumanja."

Kabokosiko n'kakang'ono, kokwana manambala awiri okha. Apa sindikufuna kulumbira, ndinakaona ndi maso anga. Mayiyo anagwira cholembera m'mwamba nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana denga ngati pali china cholembedwa.

Inu amene muli ndi bambo kapena mayi amene amati pano ndi paulendo: munawafunsapo kumene akufuna kudzagona, n'kuona ngati pepala lake lilipo?